Amayi akwera ndege ndi mtedza, zovala asiya

Mwaswera bwanji nonse.

Amayi anyamuka bwino ku Lusaka, akupita ku Joni kukaona khanda la Chisomo. Koma tikiti yotchipa ija imalola kachikwama kam'manja kokha. Thumba la mtedza lomwe tinachoka nalo ku Kapata alikana pa sikelo, akuti limalipiridwa palokha.

Amayi sanakangane nawo. Anakhuthula zovala zonse m'kachikwama, n'kundipatsa ine, n'kuthiramo mtedza mpaka zipi kukana kutseka. Akuti, "Zovala ndikabwereka kwa Chisomo. Mtedza wa kwathu ndikabwereka kwa ndani?"

Panopa ndili m'basi kubwerera ku Chipata, juzi yawo ili pamiyendo panga, ndipo ku Joni kukuzizira. Abale, tiitumize pa basi, kapena azikafunda mtedzawo?