Mphete ya Mlendo

Fungo la buledi wogona likandipeza, ngakhale ndili pakati pa anthu, ndimabwerera ku Doha, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Fereej Bin Omran. Agogo ankasunga zotsala za khubuzi, buledi wopyapyala uja wa Aluya, m'jumbo yomwe inkalendewera pamsomali kuseri kwa chitseko. Pofika Lachinayi jumboyo inkamveka ufa, chinyezi ndi kankhungu pang'ono. Ine fungo limenelo linkandiuza kuti mawa ndi Lachisanu, tsiku la ofu, tsiku lopita kunyanja.

Ndinafika kumeneko ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, manda a mayi asanamere udzu. Bambo sindinawadziwe. Agogo aNangozo anali atagwira ntchito ya m'khitchini panyumbapo zaka zambiri, ndipo a Madamu atawapeza akulirira pasinki anavomera kuti ndibwere, ndikhale nawo mpaka kuzizira kutatha. Lamulo linali limodzi: ndisamamveke. Silinandivute. Chimwalirireni mayi, mawu anali atandithera kale. Ndinkangoyang'ana.

Amene ankatitengera kunyanja anali a Kachingwe, dalaivala wa pabanjapo, Mmalawi mnzathu wa ku Salima. Ndinkawatchula amalume. Anali munthu wa mimba ndi nthabwala, wokonda kuzunguza makiyi pachala. Akakasiya abwana kwa abale awo masana a Lachisanu, galimoto inkakhala yawo mpaka dzuwa litapendeka. Ankatiimika kutali ndi kumene anthu amachuluka, pamalo a miyala pomwe mphepo inkaluma makutu ndi kusiya mchere pamilomo.

Pamenepo m'pamene panali mbalame. Zinali zoyera, za mapiko otuwa, miyendo ndi milomo yofiira, ndipo iliyonse inali ndi kadontho kakuda kuseri kwa diso, ngati wina waigunda ndi chala chamakala. Zikaona jumbo zinkatizinga ndi phokoso la amayi a pamsika. Agogo ankazitchula alendo.

"Si akuno awa," anandiuza tsiku loyamba. "Akuti kwawo madzi amauma gwa ngati mwala. Abwera kudzasaka chakudya ngati ife tomwe. Kukatentha suwaonanso."

Panali imodzi yomwe sinkalimbirana. Inkaima payokha pamwala, mutu utapendekeka, kudikira kuti zinzake zimalize kukangana. Kumwendo kwake kunali kamphete kachitsulo. Ndinayamba kuiponyera payokha, kutali ndi gulu. Lachisanu lililonse ndinkafupikitsa dzanja pang'ono, nayonso inkasendera, mpaka inafika potola nyenyeswa pafupi ndi zala za kumapazi kwanga. Sindinaipatse dzina. Tinkangoyang'anana, ndipo zinali zokwanira. Ndine ndinaiphunzitsa kuti munthu wogwira buledi saopsa.

A Kachingwe nawo anali ndi ntchito yawo kumiyalako. Ankabisa mbedza m'kachidutswa ka buledi, kumangirira ku twayini, kuponya n'kukhala pansi ngati munthu wopuma. Mbalame ikameza ankaikoka, kuipotokola khosi, kuikulunga m'thumba n'kuibisa kubuti, pansi pa kapeti. Inkakathera m'poto wa anzawo ku Al Mansoura. A Madamu anali ataletsa ngakhale nsomba ya pamsika m'galimoto imeneyo, choncho pobwerera ankatolamo nthenga iliyonse, kupukuta, n'kufukizamo lubani. Zokola mbalamezi ankachitira kuseri kwa miyala, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali.

Tsiku lina anaiwala buledi wawo.

"Iwe Ndaziona," anandiitana dzina, "tandigawireko mwana wanga, nanenso ndidyetseko alendo akowa."

Ndinawagawira ndi manja awiri. Sanapite kuseri kwa miyala tsiku limenelo, anati mwendo ukuwawa. Anaponya pomwepo, pamene ine ndinkaponya masiku onse. Gulu linali kumbali kwa agogo. Yanga ija inatsika pamwala wake, inapendeketsa mutu, n'kuyenda pang'onopang'ono. Ndimakumbukira twayini ikuwongoka, mapiko akumenya mchenga, ndi kulira komwe sikunali kwa mbalame, kofanana ndi chitseko cha dzimbiri. Kenaka kunangoti zii.

"A Kachingwe, mwana akuonatu," anatero agogo.

"Aone, mayi, adziwe kuti ndiwo sizimera m'filiji! Izi zabwera zokha, zopanda viza, zopanda sponsa. Yalla, tiyeni, taimu yatha."

Iwo akutsegula buti, ndinawerama n'kutola nthenga zomwe zinatsala pamchenga, ndi kachidutswa ka twayini komwe anadula. Ndinazilowetsa m'sokosi. Sindinalire. Sabata yotsatira ndinaona kamphete kaja kali pamakiyi a galimoto. Ankakazunguza pachala akumwa tiyi pageti, kakulira ngwe ngwe, ndipo kulira kulikonse kunkandilowa m'mano.

Ndinadikira. Mwana wosayankhula amadziwa zinthu zambiri za panyumba. Ndinkadziwa tsiku lomwe agogo amatumbula nsomba zazikulu za abwana, ndi pomwe amataya matumbo. Ndinkadziwanso kuti amalume akatsuka galimoto amasiya zitseko zonse pululu kuti muume, iwo n'kupita kukacheza ndi mlonda wa nyumba yoyandikana. Ndinadikira mpaka mphepo yozizira itayamba kufooka, simenti ya pabwalo itayamba kutentha kumapazi. Masana ena ndinanyamula matumbo odzaza manja, ndinakweza kapeti wa kubuti, n'kuwakankhira pansi pa tayala la sipeya. Pamwamba ndinayalapo nthenga zija, ndi twayini. Mtima sunagunde n'komwe. Ndinabweza kapeti bwinobwino monga ankachitira eni ake.

Dzuwa la ku Doha linagwira ntchito yotsalayo. Amalume anatsuka mipando, anachapa makapeti a kutsogolo, anafukiza lubani mpaka maso kufiira. Ine ndinkakhala pakhomo la khitchini ndikusenda adyo, kuwaonerera akununkhiza paliponse ngati galu wotaya mwini. Ndinkamva kukoma, sindinama. Kubuti sanakukayikire, chifukwa ankadziwa kuti anakutola ndi manja awo. Mapeto ake a Madamu anatsika m'galimoto atavala za ku ukwati, atatseka mphuno ndi mpango, ndipo abwana aamuna anatulutsa okha tayala lija. Nthenga zinauluka pabwalo lonse.

Chimene sindinachiganize chinabwera pambuyo. A Madamu anaitana agogo. Ndinabisala kuseri kwa makina ochapira, ndipo ngakhale Chingerezi changa chinali chochepa, ndinamva mawu amene wantchito aliyense kumeneko amawaopa, a kukansela viza. Ankafunsa kuti, poti Lachisanu lililonse agogo amakhala m'galimoto imeneyo, analekeranji kunena? Agogo anaima manja ali kumbuyo, mayi woti tsitsi layera, kutsogolo kwa munthu wa msinkhu wa mwana wawo. Anayankha motsitsa kuti iwo akafika kunyanja amayang'ana madzi. Kenaka a Madamu anati khalasi, kutanthauza kuti basi zatha, agogo abwerere kumapoto.

Madzulo ake agogo anagwira manja anga n'kuwanunkhiza, ngakhale panali patapita masiku. Anadula ndimu, n'kundipaka chala chimodzichimodzi, mwamphamvu mpaka kuwawa.

"Ukamaponya mbedza," anatero, "uziyamba waona amene waima pambali pako."

Sanandimenye, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

A Kachingwe anawalanda makiyi n'kuwatumiza ku famu ya abwana kuchipululu, kukasamala mbuzi. Tsiku lonyamuka anaima pageti ndi chikwama chawo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Nthabwala zinali zitawathera.

"Iwe kamwana kosayankhula iwe," anatero. "Nthenga zimene zija ndinazisiya pamchenga ine."

Ndinawayang'ana m'maso, mutu nditapendeketsa, mpaka anayang'ana kumbali.

Lachisanu lomaliza tinapita pabasi. Pamiyala panalibe mbalame ngakhale imodzi, zonse zinali zitabwerera kwawo. Tinakhala pansi jumbo ili pakati pathu. Agogo anamasula mfundo ya pampango wawo n'kundiika kanthu kozizira m'dzanja. A Madamu anali atawauza kuti achotse kachitsulo konyansako pamakiyi, akataye.

Nditakula ndinamva kuti amene amaveka anapiye a mbalame mphete zotere ndi anthu a kumaiko ozizira a kumpoto, pofuna kudziwa kumene mbalame zawo zikuthera, poti kwawoko nazonso zimakodwa m'maukonde, zimamira m'mafuta a sitima, zimameza mapulasitiki. Yanga inapulumuka zonsezo, inawoloka maiko, n'kudzafera nyenyeswa yochoka m'dzanja langa. Ndinadzazindikiranso kuti a Kachingwe anali ndi ana ku Salima, kuti m'chipinda cha ku Al Mansoura munkagona amuna ambiri otopa ndi mpunga wopanda ndiwo, ndipo kuti nawonso anali mlendo wodzasaka chakudya. Wamkulu amene ndili lero amazidziwa zonsezi, ndipo amati akaganiza za agogo ataima manja kumbuyo, amagwetsa nkhope. Koma mphete ija ndikaitulutsa m'kabokosi, amene amaigwira ndi mwana uja, ndipo iye amadziwa chimodzi chokha: a Kachingwe anapempha buledi kwa ine, ndipo ndinawapatsa ndi manja awiri.