Chigubu cha a Gervazio

A Gervazio anasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe zaka makumi atatu, koma mtima wawo sunafike n'komwe ku Limbeko. Unatsala kugombe la nyanja ya mchere kufupi ndi Quelimane, kumene anathawa nkhondo ndevu zikungoyamba kumera. Akamapinda thalauza, nkhani inali nyanja. Akamaika zipi, nyanja yomweyo. Makasitomala ankachita kuwadula pakamwa: "Atelala, tasokani kaye, nyanjayo sithawa!"

Chimene ankachilira si nsomba ayi, linali fungo. Ankati nyanja ili ndi nyengo zake ngati munda. M'dzinja, kukatentha mitsinje n'kudzaza, madzi amabiriwira, ndipo fungo limakulonjera nyanjayo usanaione, ngati kabichi wowiritsa wothira mchere wambiri. Ikafika Juni limangoti zii. Mphunzitsi wina amene anadzasoketsa suti anawauza kuti fungolo ndi mpweya wa sulufule wochokera ku tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzimo, timene timachuluka kapena kuchepa malinga ndi nyengo. A Gervazio anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti zaka zonsezi ndikulirira mpweya wa ndere?"

Mwana wawo Vailet anabadwira ku Nkolokosa, nyanja ya mchere sanaionepo, ndipo kunena zoona nkhaniyi inkamutopetsa. Koma miyendo ya bambo ake itatupa, madokotala n'kunena kuti mtima wafooka ndipo ulendo wautali aiwale, mkuluyo anapempha chinthu chimodzi chokha: anunkhizeko nyanja ya m'dzinja asanafe. Vailet anapita kwa a Sulemani, neba wawo woyendetsa thiraki ya ku Mozambique, kukawapempha kuti abweretseko madzi a m'nyanjayo m'chigubu. Iwo anangoti, "Zing'onozing'ono zimenezo, achemwali."

Munali mu Januwale, chaka chija kolera inavuta mu Blantyre. Mipopi inali itauma, madzi ankatunga kutali, ndipo Vailet sankalola dontho kulowa m'nyumba losathira kolorini. Tsiku lina pochokera kuntchito anapeza zigubu zachikasu zili ndandanda pakhonde. Anatsegula chimodzichimodzi mothamanga, mphuno itatsekeka ndi chimfine, n'kuthira mankhwala monga mwa masiku onse.

Asanakhale n'komwe pansi, a Sulemani anatulukira akumwetulira. "Mwachiona chigubu chija? Ndinapeza madala ali mtulo, ndiye ndangochisiya pakhondepo. Koma chikununkha, inu! Ulendo wonse ndayenda mawindo ali otsegula."

Mayo ine! Vailet anazindikira kuti wathira kolorini m'madzi a m'nyanja aja. Anathira madziwo m'beseni n'kupita nawo kuchipinda, poganiza kuti mwina katsalako kafungo. A Gervazio anawerama, anakoka mpweya nthawi yaitali, kenako anamuyang'ana. "Kukununkha kuchipatala," anatero motsitsa mawu. Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka kwambiri Vailet.

Mvula ya chaka chimenecho inaononga misewu ndi milatho, moti a Sulemani anakafikanso kugombeko mu Juni. Ulendo uno Vailet anadikira pamsewu, anachilandira yekha chigubucho, n'kuchinyamula ngati khanda mpaka pabedi. Mkuluyo ananunkhiza kawiri, katatu. Anaviika chala n'kulawa.

"Mchere ndi womwewo," anatero. "Koma awa ndi madzi a mu Juni, mwana wanga, eni ake fungo kulibe. Usalire. Tidikire dzinja."

Anamwalira mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi mu Nkolokosa. Anawaika atavala suti imene anadzisokera okha.

Januwale wotsatira, Loweruka masana, Vailet akuchapa, a Sulemani anafika ndi chigubu china ngakhale palibe anawatuma. Anachiika pansi, anavula chipewa, n'kubwerera. Vailet anachiyang'ana nthawi yaitali asanatsegule.

Fungo linamuwomba kumaso, lolemera, la kabichi ndi mchere, ndendende mmene ankanenera munthu amene iye ankamuyankha kuti, "Ababa, mwayambanso?" Anakhala pansi pomwepo, thovu lili m'manja, n'kulira mokweza mpaka maneba anatuluka.

"Ababa, labwera," ankatero. "Labwera fungo lanu lija."