Malikisi a tsamba la Chigubu

A Makatani ndinawadziwa nditangotsegula kashopu kanga ka fotokope moyandikana ndi chipinda chawo chosokeramo. Dzinali tinawapatsa chifukwa mawindo onse a mumsewu wathu anawaveka ndi iwo. Ndi mayi osachuluka mawu, mapini pakamwa tsiku lonse, koma akagwira chinthu sataya.

Anali ndi mlongo wawo amene anachoka pakhomo atayambana ndi bambo awo, osabwereranso. Ali mwana ankamutcha Chigubu chifukwa cha kamimba. Makolo atatha onse, a Makatani anandipempha ndiwakonzere tsamba limodzi pa intaneti. Tinaikapo chithunzi chakale, dzina lake, nambala ya foni ndi mawu oti abwere, nkhani ija inatha.

Kenako kasitomala wina wokonda zokamba anawauza za chida chopereka malikisi kwa tsamba, cholosera ngati lingatuluke pamwamba munthu akafufuza. Lathu linapeza 3 pa 100. Ndinawafotokozera kuti malikisiwa amakwera masamba ena akamaloza ku lako.

Wina akanangotumiza mauthenga pafoni. Iwo ayi, ankati chopempha sachiponyera patali. Ankatseka mashini, kuvala zotchena, n'kuyamba khomo ndi khomo: kogulitsa mankhwala, kusukulu ya galimoto, kwa mkulu wa kwaya. Ankayamba ndi moni, kufunsa za ana ndi odwala, kenako n'kunena kuti abwera kudzapempha kalinki, kuti tsamba la eni khomowo liziloza ku lathu. Mwini sukulu ya galimoto uja mtima unali m'mwamba, ankayesa abwera ndi uthenga wa maliro.

M'mawa, asanalowetse ulusi m'singano, ankasuzumira pakhomo panga kufunsa kuti lero tili pati, ngati munthu wodzayezetsa BP. Malikisi anakwawa mpaka 11 n'kukhala pansi. Ineyo zinanditopetsa. Ndinawauza kuti nambalayi ndi kulosera chabe, monga za nyengo, asaonde nayo.

"Achimwene, Chigubu akafufuza n'kusatipeza, aziti tinamuiwala," anandiyankha.

Ndinawamvera chisoni.

Masana ena foni yawo inalira ali pakati poyeza nsalu. Woimbayo anali mtsikana, mwana wa Chigubu. Anati bambo ake anamwalira mwezi wathawo, ndipo tsambalo analipeza lotsekula pafoni yawo. Bambo akewo analiona kalekale, malikisi akadali pansi, ndipo ankalitsegula tsiku lililonse. Ankati aimba akapezako bwino, mlongo wawo asawaone ataonda chonchi.

A Makatani anabwera kwanga, anakhala pampando wa makasitomala, tepi ikadali m'khosi. Anayang'ana tsamba lija pa kompyuta.

"Ndiye kuti linkaoneka," anatero.

Sabata imeneyo sanalandire ntchito ya munthu. Ankasoka makatani a kuchipinda chomwe anasungira mlongo wawo, poti mtsikanayo anati abwera. Malikisi akadali pa 11, ndipo sanandifunsenso.