Makina a Che Twaibu

Ku Ntaja, mayunifolomu a ana a m'kalasi mwanga ankasoka ndi Che Twaibu. Ankasoka okulirapo dala, n'kumati, "Aphunzitsi, mwana sachedwa kukula."

Akazi awo, Abiti Jafali, atadwala khansa, maulendo a kuchipatala ku Blantyre anadya mbuzi zonse, kenako njinga. Panatsala makina osokera okha. Che Twaibu atawatsatsa, makolo a ana aja anasonkha ndalama n'kuwagula, koma palibe anabwera kudzawanyamula.

Che Twaibu anadikira sabata yathunthu, makina ali omanga m'chiguduli. Lolemba ndinawapititsira nsalu za ana asanu.

"Makinawa si anganso," anatero.

"Eni ake ndi anawa," ndinayankha. "Akuti muwasokere."

Anamasula chingwe. Mayi aja anamwalira mvula isanagwe, atavala diresi limene amuna awo anawachepetsera pa makina omwewo.