Dzanja Lamanzere pa Kanema wa Eni

Atatiuza kuti msonkhano wokhazikitsa tsamba la pa intaneti la maphunziro a mu labu ukachitikira ku Senga Bay, ndinavina ndekha m'chipinda chosungiramo mankhwala. Kwathu ndi kwa Maganga, ulendo wa kabaza chabe kuchokera pa loji ya msonkhanowo. Nthawi yomweyo ndinaimbira amayi kuti akonzeke kundiona pa kanema.

Ntchito yanga ku yunivesite ndi yokonzera ophunzira a kemisitiri zipangizo, kutsuka mabotolo, ndi kuwaonetsa kagwiridwe kake asanaswe zinthu. Akuluakulu anagamula kuti wophunzira aliyense aziyamba waonera kanema pa tsambalo ndi kuyankha mafunso, kenako azilowa mu labu. Pojambula anaitana ine. Ndinavala magolovesi, n'kumadontheza mankhwala pang'onopang'ono, uku ndikupukusa botolo mpaka madzi atasanduka apinki. Tinabwereza kambirimbiri, msana kuchita kuwawa. Ndinali nditamangitsa ndi tsitsi lomwe.

Ku loji atamuonetsa kanemayo pakhoma, tsitsi langalo silinaoneke. Kamera inandidula m'zigongono. Nkhope, mawu ndi dzina pansi pake zinali za mphunzitsi wathu watsopano, mtsikana wa msinkhu wa mng'ono wanga amene anabwera ndi udokotala wake kuchokera kunja. Anthu anamuombera m'manja. Inenso ndinaomba, nanga n'kutani, koma mumtima mukutentha ngati ndatafuna kambuzi.

Chowawa kwambiri n'chakuti mwanayo ankafotokoza bwino. Zimene ine ndimazungulira nazo m'mawa wonse, iye ankangonena kamodzi n'kumveka. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwinoko. Ayi ndithu, pa nthawi ya tiyi anabwera kudzandithokoza, "amayi" ali pakamwa, mpaka kundithirira shuga. Nsanje yanga inasowa pogwira, ndiye inangokulirakulira.

Loweruka ndinapita kwathu ndikupemphera kuti amayi akhale ataiwala. Aiwale ndani? Ndinapeza ataitana kale anzawo awiri a kumpingo, atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Ndinafuna kunamizira netiweki, koma tsiku limenelo inali yodzaza ngati yachita kutumidwa. Ndinatsegula tsambalo n'kuwapatsa foni.

Anaunjikana pa foniyo n'kuyamba kuonera. Mnzawo wina anafunsa kuti nanga ine ndituluka nthawi yanji. Kenako manja aja anayamba kupukusa botolo, amayi n'kusendeza foni pafupi ndi maso.

"Ameneyu ndi wanga," anatero. "Taonani, akupukusa ndi lamanzere. Dzanja limeneli ndinalimenya ndi mthiko mpaka kutopa, koma silinamve."

Anzawo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Amayi anandiuza kuti ndibwezere pomwepo, ndinabwezera, n'kubwezeranso. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinati basi, wondidziwa wandidziwa, enawo atsale ndi dzina lawolo.

Lamulungu pondiperekeza, amayi anatulutsa kathumba ka mpunga wa kilombero, uja ndimaupempha chaka ndi chaka n'kumayankhidwa kuti ndi wa mbewu. Ndinayamba kuthokoza, mano onse ali pamtunda.

"Si wako," anatero. "Ukapatse mwana wolankhula bwino uja. Ukamuuze kuti ndathokoza pokulola kumugwirira botolo."

Ndinafuna kuwauza kuti botololo ndinayamba kuligwira iye asanalembe mayeso a sitandade eyiti, koma wa kabaza anali akudikira, ndipo amayi anali akumanga kale kathumbako pa kaliyala, kumanga kwake kosamala ngati ndi mazira.

Ndinakaupereka Lolemba, ndi manja awiri monga anandiphunzitsira. Mwanayo anaulandira atanyonyomala, ndipo mpaka lero tikakumana pakhomo pa labu amandifunsa kuti agogo ali bwanji, ndi kuti akolola liti wina.