Wolengeza Maliro m'Bogi Lomaliza

Bambo anga ankaopa chinthu chimodzi chokha: kuikidwa m'manda ngati munthu wopanda anthu ake. Anachoka ku Nkhotakota ali mnyamata, ndipo anakalamba ali pa makina osokera pakhonde la sitolo m'tauni ya Harare. Ankati jeneza, chonyamulira maliro cha ife Asilamu, imafuna mapewa ambiri olandizana, kuti wakufayo asagwedezeke.

Ine ndinkawathandiza kusoka mabatani, choncho m'mawa uliwonse tinkayenda limodzi kuchokera ku Budiriro kukadikira sitima ya apantchito. Mutu wake unali wokalamba, wakuda ndi mafuta, ndipo unkatsokomola utsi usanayambe kukoka. Mabogi anali opanda magalasi, mipando yong'ambika, zitseko zosatsekeka. Fungo la m'chimbudzi chake sindilifotokoza.

Bogi lililonse linali ndi eni ake. Lina linali la oimba nyimbo za tchalitchi, lina la otsutsana za mpira. Lomaliza linali lathu, ife a ku Malawi ndi anzathu a ku Tete. M'menemo Chichewa chinkamveka mokweza, osati chonong'ona ngati cha mumsewu.

Bambo ndiwo ankalengeza maliro. Wina akamwalira usiku, wachibale ankangothamangira ku njanji n'kuwauza. Sitima ikanyamula anthu a ku Kambuzuma ndi a ku Rugare, iwo ankaimirira, kugwira chitsulo, n'kuvula magalasi.

"Abale, tachepa," ankatero, kenako n'kutchula nyumba ndi mzikiti.

Pofika masana amuna a m'bogimo ankakhala atapempha kwa mabwana awo n'kufika pamaliropo, popeza kwathu maliro sagonetsa. Ndinaona amuna ochuluka chonchi akulimbirana jeneza ya mlonda amene analibe ngakhale mphaka.

Cholakwa chathu chinali chakuti sitinkadziwana makomo. Ufunsirenji nyumba ya munthu amene umuona mawa m'mawa? Tinkangoti "akulu a ku Rugare aja a chipewa choyera", "mayi a ku Tete a mandasi". Foni nthawi imeneyo inali ya mabwana.

Sitimayo sinafe tsiku limodzi. Inayamba kuchedwa. Kenako mutu unkafera pakati pa minda ya chimanga, ife n'kutsika kumalizira wapansi. Mabogi anayamba kuchepa, ena tinkawaona atatayidwa pafupi ndi Rugare udzu utamera m'mawilo. Tsiku lina tinadikira mpaka dzuwa kutiwotcha pamutu. Palibe anabwera kudzatiuza kanthu, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimenezo mtima umandiwira. Tinabalalikira m'makombi, maminibasi a kumeneko, aliyense ndi msewu wake.

Bambo sanachedwe kugwa. Anadwala chifuwa, ndipo anatisiya m'bandakucha wina wa mwezi wozizira. Nditawatseka maso, miyendo inanditengera yokha ku njanji. Ndinakafika n'kupeza mbuzi ndi mayi wina akuotcha chimanga.

"Muri kumirira chitima?" anandifunsa m'Chishona ngati ndikudikira sitima, akuseka. "Chakafa kare." Ati inafa kalekale.

Ndinakwera kombi kupita ku Rugare. Ndinayenda mzere ndi mzere kufunsa za akulu a chipewa choyera olankhula Chichewa. Ana ankandiloza uku, akulu kundiloza uko. Wina anati anasamuka, wina anati a zipewa zoyera ndi ambiri. Ndinalira pamsewu ngati wamisala, ndikutukwana sitima, ndikutukwananso bambo chifukwa chosafunsa anzawo kumene amagona. Dzuwa linkakwera, ndipo thupi silikanadikira.

Akazi sitipita kumanda, choncho ndinaonera pageti. Ananyamula ndi shehe, mchimwene wanga ndi aneba awiri achikhristu amene anachita chisoni. Panalibe wolandira phewa. Asanafike pa lole yomwe inaima kumsewu waukulu, anatula jeneza pansi kuti apume, pambali pa madzi onunkha otuluka m'paipi yophulika. Ndinaona ndi maso angawa. Amayi anatembenukira kukhoma.

Patapita miyezi, ndili ku Mbare kugula ulusi, wina anandigwira mkono. Anali akulu aja, chipewa chomwe chija, koma ataonda mpaka kolala kulendewera.

"Mwanangu! Ndakusakani mpaka nsapato kutha," anatero. "Mudhara, bambo ako aja, alipo? Ukawauze kuti mayi a kunyumba kwanga anatisiya. Tinali anthu ochepa zedi, zamanyazi. Ndinkangoti akanamva iwo aja, bogi lonse likanabwera."

Ndinapukusa mutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako dzanja lawo linamasuka pamkono panga.

"Anawanyamula ndani?" anafunsa.