Mapiritsi anga m'chitini cha mabatani

Lachitatu lapitali ine gogo wanu wa ku Kalingalinga ndinagwidwa, kugwidwa kwenikweni. Wondigwira ndi ba Tembo, amuna anga, kalipentala wokhoma mipando m'mbali mwa msewu.

Imvani chiyambi chake. Chaka chatha maso anga anatseguka okha. Ine wa magalasi zaka ndi zaka, ndinayamba kulowetsa ulusi pasingano ndi maso angawa. Ndinaimirira kutchalitchi, ndinachitira umboni, ndinavina, ndinavina, mpaka chitenge kumasuka. Magalasi ndinapatsa mnzanga wa kwaya. Ludzu lokha ndilo linandisowetsa mtendere.

Kukiliniki anati ndi shuga, nandipatsa mapiritsi. Ndinamwa masabata awiri. Ludzu linatha, koma m'maso munagwa chifunga. Singano yasowa, nkhope ya ba Tembo ili ngati kuseri kwa utsi wa mbaula. Ndinati, mankhwala otani olanda munthu dalitso lake? Basi, m'mawa uliwonse piritsi linkapita m'chitini cha mabatani.

Ndiye Lachitatulo batani la shati ya ba Tembo linaduka, iwo natsegula chitini chija.

"Amake Joyce, mabatani oyera aya munagula kuti? Alibe na viboo."

Sanakalipe. Anaika hamala pansi, anavala jekete, anandigwira dzanja njira yonse mpaka kukiliniki. Ana a m'komboni kutiseka, ati agogo ali pachibwenzi.

Ba nesi anandikhazika pansi. "Ambuya, kuja sikunali kuchira. Shuga ikakwera imasintha kagalasi ka m'kati mwa diso, ena n'kumaona vapafupi bwino. Ikamatsika, diso limasokonezeka mpaka lizolowere. Yembekezani masabata angapo, ndipo musagule magalasi manje."

Anandiunika ndi katochi, nati diso lakumanzere layamba ng'ala. Imachotsedwa, imachotsedwa ndithu, koma adokotala afuna shuga itsike kaye. Mapiritsi ndinkabisawo ndiwo njira yopita ku maso anga. Ndinalira pang'ono, kenako ndinaimba, poti ine ndikasowa mawu ndimaimba.

Tili angati m'makomboni muno, anzanga a ku Matero, a ku Chawama, a ku George? Maso akangochita mdima, wina ataya mankhwala. Wina athamangira m'tauni kukasankha magalasi pathebulo, kuyesera panyuzipepala, mwezi usanathe agulanso ena. Wina afinyira madzi a masamba m'diso. Kufunsa nesi timaopa, ati angatinene kuti ndife osaphunzira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinalephera kudekha masabata ochepa okha.

Tsopano m'mawa ba Tembo amandiikira piritsi m'manja, manja awo onunkha utuchi, naima pomwepo.

"Tsegulani kamwa nione."

Zaka makumi anayi m'nyumba imodzi, lero ndiye ayamba kundiyang'ana pansi pa lilime. Ndimatsegula, ndimaseka, ndimameza.

Nanga inu ana anga, amayi anu aja amati akumwa mankhwala, munawaonapo akumeza?